Gemu ya Akasinja Awiri

Zoti ndipite ku Blantyre zinakambidwa ine ndili pomwepo, ndikutong'ola chimanga pakhonde. Amayi anali atamwalira mvula isanathe, fodya wathu anaonongekera m'chigafa posowa womusamala, ndipo fizi ya Fomu 3 inalibe kochokera. Amalume, alongo awo a amayi, anati mwana wa mnzawo ku Chilomoni akufuna mtsikana wolera khanda. Kwathu ku Nsaru mwini mbumba ndi amalume, choncho abambo sanayankhe kanthu. Anali patsinde pa mango akumata chubu cha njinga.

"Iwe ukuti bwanji, Tiyamike?" amalume anandifunsa.

"Ndipita," ndinayankha. Ndinkaganiza kuti ndikagwirako chaka, ndibwerera kusukulu, ndipo zonse ndidzazipeza mmene ndazisiyira.

Abambo si munthu wolankhulalankhula, ndipo ine ndinatengera iwo. Kwawo ndi ku Kabudula, kuno anabwera kudzakhala chikamwini. Pamisonkhano ya banja ankakhala kumapeto kwa mphasa. Ine ndi iwo tinkatha kulima mzere umodzi m'mawa wonse osanena kanthu kupatula "patse madzi."

Chaka china fodya atagulidwa bwino, anabwera kuchokera kutauni atamanga katoni panjinga. Munali TV yakale yamsana waukulu, yoonetsa zakuda ndi zoyera zokha, ndi kabokosi ka gemu kokhala ndi zogwirira ziwiri ndi kaseti imodzi yachikasu. Amayi anadandaula sabata yonse.

"Anzanu akugula feteleza, inu mwagula zidole. Tidya akasinja chaka chino?"

Magetsi kwathu kulibe. Tinkagwiritsa ntchito batire ya galimoto yomwe abambo ankakatchajitsa pa Nsaru Loweruka. Lamlungu tikachoka ku Misa ankavula jekete, kulumikiza mawaya, n'kundipatsa kaseti kuti ndiiuzire, chifukwa ankati mpweya wanga ndi umene imaumvera. Ikakana ndinkaipukuta ndi nsonga ya chitenje. Ikakanabe, abambo ankamenya TV khofi pambali, timadontho tonga mpunga tija n'kuchoka.

Mu kasetimo munali magemu ambiri, koma ife tinkadziwa imodzi. Akasinja awiri, wanga ndi wawo, tinkalondera kanyumba ka njerwa kumunsi kwa galasi, adani akutsika kuchokera kumtunda. Zala za abambo ndi zikuluzikulu, za khasu, moti ankakanikiza mabatani awiri nthawi imodzi. Akafuna kukhota ankapendeka thupi lonse mpaka mpando kulira. Ndipo ankalankhula.

"Kumanzere, Nabanda! Kumanzere! Kodi ukugona?"

"Abambo, mwaombera nyumba yathu yomwe!"

"Si ine, ndi batanili."

Amayi ankaima pakhomo ndi lichero, kunamizira kupeta, akuseka. Batire ikamatha chithunzi chinkafota pang'onopang'ono, m'mbali mukuda, mpaka akasinja kukhala ngati nyerere. Abambo ankasendeza mpando pafupi n'kunena kuti, "Tiye nazo, tikuonabe." Amayi atadwala tinasiya, ndipo atamwalira palibe amene anaikhudzanso TV ija.

Ku Chilomoni sindinazunzike, ndisaname. Amadamu ankandilipira mwezi ukatha, ankandipatsa zovala zimene asiya, ndipo ndinkadya zomwe iwo adya. Ndalama zambiri ndinkatumiza pafoni kwa amalume kuti azindisungira za fizi, zotsala zinali za sopo ndi mafuta odzola. Chondivuta chinali kusowa wocheza naye. Amadamu ndi amuna awo akapita kuntchito, tsiku lonse ndinkalankhula ndi khanda lokha. Atsikana anzanga ogwira ntchito m'nyumba zoyandikana ankacheza pageti, koma ine ndikafika pamenepo mawu ankandithera. Ndinkangolemba mu kope langa zimene ndaphika ndi zimene khanda lachita.

Pabalaza panali TV yaikulu yopyapyala, yopachika pakhoma, yomwe ndinkaipukuta fumbi m'mawa uliwonse. Mwana wawo wamkulu ankasewera magemu pafoni ya amayi ake, amitundu yokongola, magalimoto ngati enieni. Tsiku lina anandipatsa kuti ndiyese. Ndinafunsa kuti wachiwiri agwira pati. Anandiseka, nati, "Auntie, iyi ndi ya munthu mmodzi." Ndinamubwezera. Lamlungu masana ndi pamene pankandiwawa kwambiri. Ndinkadzipeza ndikukanikiza chivundikiro cha botolo la mkaka ndi chala chachikulu.

Abambo alibe foni, choncho ndinkaimbira amayi aang'ono, mng'ono wawo wa amayi.

"Kumudzi kuli bwanji?"

"Tonse tili bwino. Mtedza wachita chaka chino."

"Nanga abambo? Ndilankhule nawoko."

"Angochoka kumene, apita kudimba."

Poyamba ndinkakhulupirira. Kenako ndinaona kuti kaya ndiimbe m'mawa, kaya masana, abambo amakhala atangochoka kumene. Sindinafunse zambiri. Ndinkaopa yankho.

Za fizi zitakwana ndinatsanzika. Amadamu anandipatsa shuga ndi chitenje, khanda linalira, inenso ndinalira pang'ono m'basi. Kuchokera ku Lilongwe ndinakwera minibasi mpaka pa Nsaru, kenako kabaza.

M'nyumba mwathu ndinapeza mukukhala amayi aang'ono ndi ana awo. TV inali pamalo pake, atayifunditsa kansalu koluka, pamwamba ataikapo maluwa apulasitiki. Batire inali pansi pa tebulo, akutchajira mafoni. Waya wa gemu unkangolendewera kumbuyo. Njinga ya abambo panalibe.

"Anasudzulidwa titakolola," amayi aang'ono anandiuza, akuyang'ana kumbali. "Sitinafune kukuuza pafoni. Ukanamalira pantchito pa eni."

Mwambowo ndinkaudziwa, koma sindinaganizepo kuti ungafike pakhomo pathu. Mkazi akamwalira, pakapita nthawi akuchikazi amaitana akuchimuna, kumuthokoza mkamwini, n'kumumasula kuti abwerere kwawo, akakwatirenso ngati afuna. Ana ndi munda zimatsala. Panalibe mkangano, anatero amalume nditapita kukawaona. Anthu anadya limodzi, ndipo katundu anagawa bwinobwino.

"Njinga, makasu ndi zofunda tinawapatsa. TV tinati ndi ya mwana, itsale. Kawailesi kakang'ono ka zidole kaja tinati atenge, poti ankakakonda."

"Koma amalume, chimodzi sichigwira ntchito popanda chinzake."

"Eti?" Anakanda kumutu. "Ife tinkaona ngati ndi zinthu ziwiri. Nanga iwowo osanena bwanji?"

Chonsecho amalume amawadziwa abambo kuti si munthu wonena.

Ku Kabudula ndinapita sabata yomweyo. Azakhali, alongo awo a abambo, anandiyalira mphasa yatsopano n'kundilonjera mogwada ngati mlendo wochokera kutali. Abambo ankagona m'kanyumba kaudzu kuseri kwa khola la mbuzi. Anali ataonda. Anandifunsa za ulendo, za mvula ya ku Blantyre, za sukulu. Mafunso atatha analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi kabokosi kaja atakakulunga m'thumba la feteleza. Kanalibe fumbi ngakhale pang'ono.

"Tenga, Nabanda. Kwanu kuli TV."

Mawu akuti kwanu aja anandilasa. Ndinatambasula manja kuti ndilandire, monga mwana amachitira, koma ndinawabweza. Ndinaona kuti ndikatenga, abambo sadzakhalanso ndi chowabweretsa ku Nsaru. Iwo si munthu woti angabwere chimanjamanja n'kunena kuti ndakusowa mwana wanga. Ngakhale ine sindikanatha kunena zimenezo.

"Ayi, abambo. Imeneyo anakupatsani inu. Mubwere nayo nokha."

"Kwanu kuja anandimasula."

"Sanafunse ine," ndinatero, ndikuyang'ana mphasa. Chibadwire sindinawatsutsepo.

Anakulunganso kabokosi, n'kundiperekeza mpaka pamsewu. Potsanzikana anangoti ndilimbikire sukulu.

Ndinayamba Fomu 3 ndi ana amene anali m'mbuyo mwanga. Loweruka lililonse ndinkapempha wakabaza kuti akanditchajitsire batire, ndipo Lamlungu ndinkaletsa aliyense kutchajirapo foni. Amayi aang'ono ankadandaula kuti ndikusungira moto munthu amene sanalonjeze. Masabata anapita. Ndinayamba kuganiza kuti ndinalakwitsa, kuti bola ndikanangolandira, ndikanakhala ndi kena kake ka iwo.

Lamlungu lina masana ndikuchapa yunifomu kuseri, ndinamva kulira kwa tcheni cha njinga. Nditazungulira ndinapeza abambo ataima pabwalo, jekete la ku Misa lili pathupi, thumba la feteleza atalimanga ndi mphira pakaliyala. Anavula chipewa, nayang'ana chitseko cha nyumba imene njerwa zake anaumba ndi kuotcha okha.

"Odi kuno!"

"Odini, alamu! Lowani, lowani," amayi aang'ono anatero akutuluka.

"Zikomo, pompano pali bwino."

Amayi aang'ono anawaitananso, koma abambo anakana. Anakhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Ine ndinalowa, kuchotsa maluwa ndi kansalu kaja, n'kunyamula TV kuitulutsa panja. Inali yolemera kuposa mmene ndinkaganizira. Kaseti inakana kawiri, kachitatu inalola.

Panopa timasewerera pakhonde. Dzuwa limawala pagalasi moti adani timawaona mochedwa, ndipo ana a amayi aang'ono amatizinga akukuwa. Kuno ndi kwathu, palibe amene angandichotsepo, munda wa amayi ukundidikira. Abambo amabwera Lamlungu limene akwanitsa, ndipo m'nyumba sanalowebe. Dzuwa likapendeka amamasula mawaya, chifukwa ku Kabudula n'kutali. Amakulunga kabokosi m'thumba lake, kukamanga pakaliyala, n'kupita nako. Sindinawauzepo kuti akasiye.