Mfuti ya Zione ndi Phewa Langa

Tinanyamuka ku Hull Loweruka m'mawa, ine ndi mwana wanga Zione, ndipo amayi ake sanatiperekeze. Anaima pakhomo atavala yunifolomu ya kuchipatala n'kupereka chigamulo: mwanayo akabwera phewa litatupa, nkhani ya mfuti yathera pomwepo, fomu ya kupolisi aing'amba okha. Mkazi wanga ndi nesi. Anati khungu lathu limabisa pomwe pamenyedwa, ndiye sadzayang'ana ndi maso, adzadina ndi chala. Chala chimenecho ndimachidziwa. Chinapezapo malungo mwa munthu amene udzudzu unali usanamulume, ndipo ngati ndikunama mphenzi indipeze. Atatero anatipatsa mandasi asanu ndi atatu m'pepala, pakuti mkwiyo wawo sufika pa chakudya.

Chimene chinatidzutsa n'chakuti ndimagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, ndipo kumeneko kunali mdala wina, a Walter, amene moyo wawo wonse ankayang'anira nyama m'nkhalango ya munthu wina wolemera. Zione anali atatha zaka ziwiri akuombera chandamale ndi kamfuti ka mpweya ku kalabu ya ana. Atakwanitsa zaka khumi ndi zinayi, msinkhu umene apolisi akhoza kupereka chilolezo cha mfuti yeniyeni, anati akufuna kuphunzira kusaka agwape a kuno, amene ena amalingana ndi mbawala. Fomu ya kupolisi imafuna ulembe nambala ya mfuti usanaigule, ndipo nambalayo imanena kukula kwa chipolopolo. A Walter atamva, analemba kuseri kwa pepala la ndandanda ya chakudya kuti tipite kwa mwana wawo Maureen, amene amaphunzitsa kuombera m'mapiri a kuseri kwa Sheffield. Ine ndinavomera chifukwa cha ulemu chabe. Nambala ndinali nayo kale m'mutu, .303, ya bambo anga.

Matikiti a anthu awiri, kupita ndi kubwera, anadya mapaundi makumi awiri ndi atatu. Sitima inanyamuka itangokwana eyiti. Tikudutsa pansi pa mlatho wautali wa pa mtsinje wa Humber, umene ukauyamba uli mnyamata umakautsiriza uli ndi zidzukulu, ndinamufotokozera Zione mwambo wa kwathu ku Ntchisi. Mwana wa mlenje amayamba ndi mfuti ya bambo ake, osati ina. Ine ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri bambo ananditsamiritsa pa mtengo wa muwanga kuti ndisagwe, n'kundiika mfuti paphewa, n'kunena kuti khethemula. Mtengowo unayoyola masamba onse ndipo sunaphukenso mpaka zipani zambiri zinabwera. Fupa la paphewa linathyoka, inde, koma ndinadzuka ndili mlenje. Zione anati nkhaniyi waimva kambirimbiri ndipo mtengowo ukumakula chaka chilichonse. Iye Chichewa amamva chonse koma amayankha m'Chingerezi, ngati wailesi yogwira siteshoni imodzi.

Tisanafike ku Goole anatipeza a Kachingwe, mkulu wa mpingo wathu wa Amalawi, akupita ku Wakefield kukanyamula makatoni kumalo osungira katundu. Anakhala moyang'anana nafe, chikwama pamwendo. Nkhani yathu anali ataimva kale, chifukwa mumpingo mwathu ukayetsemula ku Hull, wa ku Leeds amakuimbira foni kukupepesa.

"Bambo a Zione," anatero motsitsa mawu, "ife kuno tinabwera kudzagwira ntchito mwakachetechete. Mwana wakuda, wamkazi, mfuti m'manja, dziko la eni. Mukufuna tonse atikweze ndege?"

Sindinawaseke. A Kachingwe anadikira mapepala awo zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo munthu wotero akamva galimoto itaima panja amazimitsa wailesi. Koma ine ndinali nditatopa n'kuyenda chowerama.

"Achimwene," ndinatero, "zaka zisanu ndi ziwiri ndakhala ndikusambitsa makolo awo. Ngati anandikhulupirira ndi misana ya agogo awo, phiri lawo sangandikanize. Tikulowera pakhomo, ndi pepala la apolisi awo omwe."

Anati anthu adzayankhula. Ndinati ayambe msanga, sitima imafulumira. Zione anawapatsa mandasi ndi manja awiri monga anamuphunzitsira amayi ake, n'kuwauza mwaulemu kuti gwape safunsa pasipoti. A Kachingwe anadya mandasi atatu, n'kutsika ku Doncaster atalonjeza kuti atiika pa mndandanda wa ofunika mapemphero, pamodzi ndi odwala.

Ku Sheffield tinafika cha m'ma hafu naini. Amene simunafikeko mudziwe kuti Hull ndi yosalala ngati thebulo, ukaima pa njerwa umaona mzinda wonse. Sheffield anaimanga choimirira. Ndinaona ndi maso angawa nkhunda ikudikira basi chifukwa chitunda chinaikanika. Ifenso tinakwera basi, mapaundi atatu tonse awiri, ndipo dalaivala, mwamuna wandevu ngati mbuzi ya mfumu, ananditchula kuti wokondedwa wake pondipatsa tikiti. Zione anandigwira mkono n'kunena kuti kuno amatero ndi aliyense. Ndinamusiya, koma ndinakhala kumbuyo.

Basi inakwera kudutsa chipatala ndi nyumba za njerwa zofiira zogundana, kenako nyumba zinatha, kenako basiyo inatopa n'kutisiya. Tinayenda wapansi mphindi makumi awiri pakati pa mipanda ya miyala. Kunali nkhosa, udzu wofiirira ndi mphepo yochokera kumene Mulungu amasungira chisanu. Ine ndinkangoyang'ana uku ndi uku. Phiri lonselo, kuyambira apa mpaka pomwe maso alekezera, linalibe mtengo ngakhale umodzi. Ndinayamba kuda nkhawa kuti mwana ndikamutsamiritsa pati.

Mayi Maureen anali wamfupi, wa imvi, wovala nsapato za mphira zofika m'mawondo. Anawerenga kapepala ka bambo ake, n'kupukuta m'maso, n'kutithirira tiyi m'kanyumba ka malata. Kenako anamuimiritsa Zione, n'kumuyeza mkono kuyambira pa chigongono mpaka pa chala chokhethemulira. Anaika zipolopolo zitatu pa thebulo. Chaching'ono, .223, anati n'cha nkhandwe, ndipo lamulo la kuno silichilola pa agwape aakulu. Chachikulu, .308, anati chimagwetsa gwape aliyense koma chimakankha phewa la mwana mopitirira. Chapakati, .243, n'chimene ankafuna Zione ayese. Anati chimapha gwape msanga ukalasa pamalo pake, ndipo sichipweteka wochiombera.

Magazi anga anawira. Ndinali nditangomaliza kulimbana ndi a Kachingwe, ndipo ndinaganiza kuti uyu naye wationa ngati anthu a timfuti ta chidole. Ndinamufunsa kuti ana a azungu amawapatsa iti. Anati yomweyo. Ndinati mwana wanga ndi mdzukulu wa mlenje, ayamba ndi .303, ndipo popeza phiri lake ndi ladazi, andionetse khoma lolimba loti ndimutsamiritsepo.

Anaika kapu pansi. Anandifunsa kuti khomalo n'lachiyani, ndipo ndinamufotokozera za muwanga, masamba ndi zonse. Kenako ananena pang'onopang'ono kuti mfuti ikalira thupi liyenera kubwerera m'mbuyo kuti mphamvuyo ithe. Ukaika mtengo kumbuyo, phewa limakhala mtedza pakati pa mtondo ndi munsi. Anati mwana akamenyedwa ndi mfuti tsiku loyamba amaphunzira chinthu chimodzi chokha, mantha, ndipo munthu wamantha amalasa gwape pamimba, nyama n'kukafa pang'onopang'ono m'tchire. Ndinamuuza kuti ine ndinamenyedwa ndipo ndilibe vuto, phewa langa limangondiuza mvula isanabwere.

Sanatsutse. Anakatenga .303 yakale ya a Walter, ya thako la mkuwa, yofanana ndendende ndi ya bambo anga, mpaka fungo la mafuta. Anati ndiyambe ine kumuonetsa mwana mmene amachitira kwathu. Zipolopolo zitatu anaika yekha nditayang'ana kumbali. Tinavala zotseka m'makutu. Patali mayadi zana panali gwape wa pepala.

Ndinaombera koyamba. Phiri linagwedezeka, phewa linandikumbutsa dzina la agogo anga, gwape wa pepala anangoima. Ndinafotokoza kuti kunali mphepo. Ndinaombera kachiwiri. Dothi linafumbuka pamwamba pa mulu wa mchenga wa kuseri kwa chandamale, ndipo nkhosa zonse za m'chigawocho zinachita msonkhano. Ndinafotokoza kuti mfuti ya mwini imadziwa mwini.

Kachitatu ndinakhethemula, mfuti n'kungoti khe. Mayi Maureen anali ataika chipolopolo chopanda wonga. Panalibe phokoso, panalibe kukankha, koma ine ndinali nditatsinzina maso onse awiri, mutu nditaubisa m'mapewa ngati kamba, mlomo wa mfuti utaloza pansi, mwendo umodzi utayamba kale ulendo wobwerera ku Hull. Palibe chimene chinandimenya. Ndinathawa ndekha.

Mphepo inapitiriza kuomba. Mayi Maureen anayang'ana nkhosa zake. Zione anasendera pafupi n'kuchotsa chotseka khutu langa, ndipo anayankhula m'Chichewa, chimene anali asanachite kuyambira ali sitandade thu, kuti mzunguyo asamve.

"Adadi, mumatsinzina."

Apa ndiyenera kunena poyera, popeza sindinama. Nguluwe zonse zimene ndinaziombera m'munda wa bambo ku Ntchisi zinafa, ndikulumbira. Zambiri zinafa ndi ukalamba. Zaka makumi atatu ndinkati mfuti zake ndi zokhota, kapena nyama zake ndi zokhwima, osadziwa kuti kuyambira tsiku la pa muwanga lija sindinaonepo chipolopolo changa chikuchoka.

Mayi Maureen anandifunsa ngati ndikufunabe kuti mwana ayambe ndi imeneyo. Ndisanayankhe, Zione anatambasula manja. Anati ngati ndi mwambo wa agogo ake, aombera, ndipo ngati patupa abisa kwa amayi ake. Nsagwada anali atazilimbitsa monga ndimachitira ine. Ndinayang'ana kaphewa kake kamene jekete linkakakulira, ndi thako la mkuwa lija. Ndinaona kuti ndikamupatsa, madzulo chala cha amayi ake chikapeza, fomu ikang'ambika, a Kachingwe akatsogolera nyimbo yoyamika, ndipo choipa koposa, mwana wanga akhala akutsinzina mpaka imvi.

Ndinabweza mfutiyo kwa Mayi Maureen. Ndinati mwambo wa agogo ake unali woti nyama ifike pakhomo, zinazo zinali kusowa kwa mfuti yachiwiri.

Zione anagona chafufumimba pa mphasa ya pulasitiki, .243 ataikhazika pa thumba la mchenga. Anapuma, n'kutulutsa mpweya theka monga anauzidwira, n'kukhethemula. Ine gwape sindinamuyang'ane. Ndinkayang'ana maso ake, ndipo sanaphethire ngakhale kamodzi. Katatu konse phewa linangogwedera ngati munthu wamugunda pamzere wa basi. Titapita kukaona, mabowo atatu anali kuseri kwa mwendo wakutsogolo, pamtima, ndipo tinawaphimba onse ndi pansi pa kapu ya tiyi. Mayi Maureen anati nyengo yosaka ikafika, mapepala akatuluka, amutenga yekha kutchire. Ndinabwereka cholembera chake, n'kulemba nambala pa fomu, chipepala nditachitsamiritsa pa bondo. Ndinalemba ndi dzanja lamanzere, chifukwa lamanja linali litanyanyala ntchito.

Pobwerera tinadya tchipisi ndi nsomba pafupi ndi siteshoni, zothira viniga wochuluka moti nsombayo inatsala pang'ono kusambiranso. Sitima ya cha m'ma fili inatifikitsa ku Hull dzuwa likadali pamwamba. Njira yonse Zione anagwirizira gwape wa pepala atamupinda ngati satifiketi.

Amayi ake anatidikira m'khitchini, manja atasamba kale. Anamuvula jekete, n'kudina pamwamba pa phewa, kutsogolo, pa fupa, kudinanso. Zione anangoseka kuti akumugirigisha. Anatambasula gwape uja, amayi ake n'kuyang'ana mabowo atatuwo nthawi yaitali. Kenako anacheuka n'kuona kuti ndanyamula kapu ndi dzanja lamanzere. Ndinayesa kubwerera m'mbuyo koma kumbuyo kwanga kunali filiji. Chala chinafika. Mfuu umene ndinakuwa, sitima za padoko zinayankha ndi malipenga, ndipo amene akukayika akafunse oyendetsa ake.

"Ndinati mwana asatupe," anatero mkazi wanga akutenga madzi oundana. "Za inu sindinanenepo kanthu."

Fomu anaiika okha mu envulopu n'kumata sitampa.

Bambo anga sindiwanyoza. Anali ndi mfuti imodzi, munda umodzi ndi nguluwe zambiri, ndipo anandipatsa chimene anali nacho. Ine ndinapita ku Sheffield kukaonetsa azungu ndi Amalawi omwe kuti mwana wanga saopa, ndipo ndinakapeza kuti wamantha pabanjapo anali ine. Koma zoti tiziyenda chowerama sindinavomerebe. Lamlungu lake gwape wa pepala ndinapita naye kutchalitchi m'kati mwa Baibulo, ndinakhala benchi yakutsogolo, ndipo a Kachingwe atafika pa dzina lathu pa mndandanda wa odwala, ndinaimika dzanja lamanzere n'kunena kuti mwana afufutidwe, ine ndikhalepo.