Nthenga za Nsalu za Alamu Anga

Alamu anga, a Hilarión Muiba, pa makani musawayambe dala. Ndiwo amatsogolera gule wa zikwanje kuno ku San Ignacio, ndipo zisoti za nthenga zomwe ovina amavala amaluka ndi iwowo. Chisoti chimodzi chinkadya michira ya zinkhwe zambirimbiri, zikuluzikulu zija timati paraba.

Kwa zaka zambiri ankakana zoti paraba wa khosi labuluu ndi mtundu wakewake. "Ameneyu ndi mwana chabe wa wamkulu uja wa khosi lakuda. Akakula khosi lidzada," ankatero. Kenaka kunabwera mayi wina wofufuza za mbalame, n'kuwatenga kukawaonetsa chisa m'mphako ya mgwalangwa. Makolo onse awiri makosi abuluu, anapiye m'kati akulirira chakudya. Mayiyo anawauzanso kuti mtunduwu watsala pang'ono kutheratu padziko.

Atabwerako anadzandipeza. "Mlamu, zaka zonsezi ndakhala ndikuvina ndi maliro pamutu," anandiuza. Zinandikhudza, sindiname.

Basi anayamba kupanga nthenga za nsalu, kumata pa timitengo n'kupaka utoto wabuluu. Mnzawo wovina naye, Casiano, anaseka mpaka kugwira nthiti. "Akulu, mukavine mutasenza siketi ya akazi anu? Anthu akakusekani mutule utsogoleri, nditenge ine." Alamu anga, ndi makani awo aja, anavomera pamaso pa gulu lonse.

Tsiku la chikondwerero cha tchalitchi chathu, ng'oma zitangoyamba, mphepo ya kumwera inabwera ndi mvula. Mayo ine! Utoto unayamba kuyenderera, kutsika m'masaya mpaka m'khosi. Anthu kuseka, ana kugubuduka. Ine manyazi, kufuna nthaka ing'ambike ndilowe. Koma mkulu uja osaima ayi, chikwanje chamtengo m'mwamba, mapazi di! di! m'matope, mano onse pamtunda. Oseka aja mapeto ake anayamba kuomba m'manja, n'kuwaperekeza mpaka pakhomo la tchalitchi.

Gule atatha, alamu anga anapita kwa Casiano n'kumutambasulira chikwanje cha mtsogoleri. "Andiseka, ndamva ndi makutu angawa. Tenga."

Casiano anabisa manja kumbuyo. "Aaa, akulu, ine kuvina chonchija m'matope ndingathe? Khalani nacho. Mungondipangira chisoti changa cha nsalu, koma chonde utoto mukagule wina. Ine mkazi wanga sangandilole kulowa m'nyumba ndili wabuluu."