Maliro Amene Sitinalengeze pa Wayilesi

Amene anayamba kundiuza kuti mwana wanga wachisamba wasankhidwa anali mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, amene ankaolotsa anthu pa bwato kwathu ku Makhanga. Anandipeza ndikupalira mapira, nati, "Alamu, siyani khasu. Mnyamata wanu akukaphunzira kujambula anthu m'kati mwa thupi." Ndinagwada m'munda momwemo kuthokoza Mulungu, ngakhale sindinamvetse kuti munthu angajambulidwe bwanji m'kati osamung'amba.

Mwanayo anayambira ku Lilongwe, kenaka anamutumiza ku chipatala chachikulu ku Blantyre, kumene kunali kutangofika makina otchedwa sikani. Amapaka munthu mafuta ozizira pamimba n'kumayendetsapo kachipangizo, za m'kati n'kumaoneka pa galasi. Kwathu ankati akhala dokotala. Iye ankawakonza kuti ntchito yake ndi kuona basi, kuchiza n'kwa ena.

Chaka chake chomaliza, abambo ake anayamba kutupa mimba. Anali msodzi, moyo wonse ali m'madzi a m'dambo, ndipo likodzo sankaliyesa matenda. Tinakwera sitima ya ku Limbe, makhadi a chipani nditamanga pa nsonga ya chitenje.

Tsiku la sikani, mphunzitsi anapatsa mwana wathu makina kuti agwire yekha. Kwathu mwana sagwira mimba ya bambo ake, ndiye onse awiri anachita manyazi. Abambo ake ndi amene anayamba nthabwala.

"Uyang'anitsitse, iwe. Mwina ndinameza mlamba wamoyo."

"Ukakhalamo tiugulitsa, baba," anayankha.

Koma kuseka kunatha msanga. Mwana anayang'ana pa galasi nthawi yaitali, naitana mphunzitsi, n'kumanong'onezana m'Chingerezi. Wophunzira saloledwa kuuza wodwala zimene waona. Anangotenga nsalu n'kupukuta abambo ake pamimba pang'onopang'ono, kenaka n'kuwamanga mabatani a malaya, limodzi limodzi mpaka pakhosi. Iwo anangoti, "Takhuta, mwananga," kuthokoza m'Chisena.

Adokotala anatiuza kuti chiwindi chaonongeka, natipatsa mapiritsi kuti tikapume kunyumba. Mwana anafuna kusiya sukulu kuti adzadwazike, abambo ake anakana. Tili m'sitima anandiuza kuti, "Amake mwana, mnyamata uja waona. Mwamuona kundimanga mabatani ngati khanda? Ndikapita mayeso ake asanathe, musamuuze. Kubwera kwake sikudzandidzutsa."

Anatisiya nthawi ya dzinja, madzi atazungulira Makhanga, mayeso a mwana atayandikira. Masiku amenewo uthenga wa maliro unkapita pa wayilesi, ndipo aliyense ankatchera khutu. Mlamu wanga anali atakonza kale bwato kuti akautumize. Ndinamugwira mkono n'kumuuza mawu a malemu.

Achemwali awo a malemu anandikalipira pamaso pa anthu. "Mwana wamwamuna osaponya dothi m'manda a bambo ake? Alamu, maliro sabisa. Mudzamuyankha chiyani?"

Mumtima ndinati wondilakwitsa andilakwitse, koma mawu a munthu amene wagona apoyu sindiwataya asanazizire. Tinawaika pa mtunda pomwe madzi sanafike, azimayi anzanga a mvano akuimba, mvula ikutinyowetsa. Masiku otsatira ndinkapemphera chinthu chimodzi, kuti wamalonda aliyense wa nsomba wopita ku Limbe asakumane naye.

Mulungu anamva. Mwana analemba mayeso ndipo anakhoza. Madzi ataphwera anabwera, atanyamula bulangete latsopano la abambo ake. Ali kutali anaona mutu wanga wometa, naima. Bulangete analiika pansi. Sanalire pamaso panga. Atabwerako kumanda anandiuza kuti, "Mayi, matenda aja ndinawaona ndine, ndi maso angawa. Mukanandilola ndione ndi mapeto omwe."

Nkhaniyi sanaitchulenso mpaka lero. Amagwira ntchito yake bwino, waphunzitsa azing'ono ake, ndipo ine sindigona ndi njala. Ndimathokoza Ambuye chifukwa cha iye. Koma akabwera kudzandiona timacheza za madzi ndi za mbewu, ndipo kumanda amapita yekha.

Inu amene mwawerenga izi, mukamagwada mutikumbukireko ife a banja lino, makamaka mwana wangayo, kuti tsiku lina ndisanatsikire kulichete adzanditenge tipitire limodzi kumanda kwa abambo ake.