Batani la amanijala

Ndili kalaliki pa esiteti ya tiyi kufupi ndi Luchenza, namwino wina wa ku mishoni anandipatsa sidi ya kompyuta. Munali chida chaulere chopangira mapulogalamu a pakompyuta, chimene aliyense amaloledwa kuchisintha. Unkangokoka batani ndi mausi n'kuliika pamene ukufuna.

Ndinapanga pulogalamu yosonyeza munda woyenera kuthyola tiyi tsiku lililonse. Atabwera alendo ochokera ku Blantyre, amanijala athu anawauza kuti anaipanga okha. Ine anandituma kukawiritsa madzi a tiyi.

Ndinakawiritsa madziwo. Koma Lolemba lililonse ndinkatsegula chida chija, n'kuchepetsa pang'ono batani losindikizira ndandanda ya minda, n'kulikankhira kukona. Pofika nyengo ya mvula linali ngati njere ya mapira. Ndinkawaonerera amanijala akulisakasaka, magalasi ali pamphuno, akapitawo akudikira ndandandayo panja. Akanadandaula kwa yani, poti mwini pulogalamu anali iwowo?

Tsiku lina anatseka chitseko n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndingalikulitse.

“Pepani bwana,” ndinatero, “ine ndimadziwa kuwiritsa madzi basi.”