Mayina a Amayi Oyezetsa

Anabwera Lachitatu m'mawa, mwezi wa Junyu, ndikusankha mbatatesi za mbewu pakhomo pathu ku Ntengo-Wambalame. Anali amuna awiri ovala yunifolomu ya apolisi, pa mota imodzi, njinga yamoto. Wamkuluyo anati, "Mayi, valani nsapato. A shefi akufuna mawu awiri basi."

Ine ndinkathandiza pa kafukufuku. Tinkayenda m'midzi kufunsa amayi chifukwa chimene amasiyira mapiritsi oteteza ku HIV, ndipo ofuna kuyezetsa, namwino ankawabaya chala. Kadontho ka magaziko ndi kamene kanabala mphekesera yoti ndife anamapopa. Anzanga ochokera ku Tete anakwera galimoto nkubwerera kwawo. Ine kwathu kunali komweko.

Titafika kwa shefi, mkulu wawo, ananditsekera m'kachipinda komwe kale ankasungiramo feteleza. Fungo lake linkaluma m'maso.

"Magazi mumagulitsa kuti?" anafunsa shefiyo.

"Sitigulitsa, bambo."

"Ndiye tchulani onse amene anapereka, tikawafunse okha."

"Ndinawalonjeza kuti sindidzawatchula. Ena amuna awo sakudziwa."

Zimene zinatsatira zinali zachidule. Khutu langa lakumanzere silimvanso.

Ndinapempha kuti anditengere ma ARV anga kunyumba, amene ndakhala ndikumwa chimwalirireni mwamuna wanga. Mlonda anayankha ali kuseri kwa chitseko: "Kuno si kuchipatala, mayi. Agwenta, pirirani." Ndinapirira. Chifuwa chinayamba, kenako zilonda m'kamwa.

Sabata yachiwiri shefi analowa yekha masana, natseka chitseko. Anavula chipewa, nakhala pa thumba lopanda kanthu, pansi ngati ine.

"Za anamapopa ndikudziwa kuti ndi bodza," anatero motsitsa mawu. "Ndiuzeni chimodzi chokha, mutuluke lero. Akazi anga anabwerako kudzayezetsa?"

Ndinamumvera chisoni, koma sindinamuyankhe, ndipo panonso sindiyankha.

Ananditulutsa mu Julyu, Loweruka, popanda khoti. Mlonda anati, "Pitani. Mlandu palibe."

Ndinapeza kafukufuku atatsekedwa. Ndinamva kuti lipoti lake linanena kuti amayi a kwathu analibe chidwi. Kuchipatala namwino anandisinthira mankhwala, poti akale aja sankagwiranso bwino m'thupi mwanga.

Tsopano ndine mfulu. Ndimalima, ndimapita kutchalitchi. Amayi amene ndinawasungira mayina amandilambalala pamsika, chifukwa kundipatsa moni ndi kudziulula. Sindiwakwiyira. Nanenso ndimayang'ana kumbali kuti adutse bwino.