Ndinajambula nyimbo ya Rozina mobisa

Ndinamulakwira mwana wosalakwa, komatu sindinamumenye kapena kumukalipira. Ndinangodina batani. Inu owerenga, makamaka amene mukuphunzira ntchito yophunzitsa ana aang'ono, imvani kumene chidwi changa chinandifikitsa.

Zinachitika m'zaka zija nkhondo itavuta ku Mozambique, anthu akukhamukira kuno ku Mulanje kudzera pa Muloza. Ndinali mtsikana wongosiya kumene sukulu, ndipo mpingo wathu unanditenga kuti ndiphunzire uphunzitsi wa mkombaphala pa esiteti ina ya tiyi. Wondiphunzitsa ntchito anali Mayi Mukhuna, munthu wofatsa, wosakonda zachilendo. Ana athu anali a anthu othyola tiyi okhala kumalaini, nyumba za antchito a paesitetipo, ndipo tinkaphunzirira m'kachipinda ka kuseri kwa tchalitchi.

Tsiku lina abusa anabweretsa wailesi ya kaseti kuti ana azimverapo nyimbo zophunzitsa kuwerenga. Mayi Mukhuna anaiopa ngati njoka, choncho anaisiya m'manja mwanga. Inetu chibadwire sindiugwira mtima ndikaona chinthu chachilendo. Ndili mwana ndinaphwasulapo tochi ya bambo anga kuti ndione kumene kumachokera kuwala. Mabatani onse a wailesiyo ndinawadziwa tsiku lomwelo, kupatula lofiira limene linkakana kudinika. Sindinapume mpaka bambo wina wokonza mawailesi pamsika wa Limbuli atandiuza kuti limafuna kaseti yopanda kanthu, ndipo ntchito yake ndi kujambula mawu.

Abale inu, tsiku limene ndinamva mawu anga akutuluka m'bokosimo ndinaseka mpaka misozi. Kodi mawuwo amakhala pati pa kalamba kopyapyala ka m'kaseti kaja? Ndinkakayang'anitsitsa padzuwa, osaonapo kanthu. Kuyambira pamenepo ndinkajambula chilichonse: tambala, mvula padenga, ana akuimba a, e, i, o, u. Anawo ankakondwa zedi, ngakhale amanyazi ankalimbirana kuti alankhulemo. Mayi Mukhuna anangondichenjeza kuti ndisamajambule akuluakulu, poti masiku amenewo munthu ankatha kusowa chifukwa cha liwu limodzi lonena za chipani. Za ana palibe anaganizapo. Mwana angalankhule chiyani choopsa?

M'kalasimo munali kamtsikana dzina lake Rozina, kamene kanabwera ndi mayi ake kuchokera ku Milange. Chichewa sankachidziwa bwino, ndipo m'kalasi ankangoti duu, ngakhale ndimunyengerere chotani. Koma nthawi yopuma ankakhala yekha pansi pa mtengo wa mapeyala n'kumaimba m'Chilomwe motsitsa mawu, akuomba timanja pantchafu. Mawu ake anali okoma, ndipo ndinkalakalaka kuti anthu adziwe kuti mwanayu si wosalankhula. Tsiku lina ndinamuzembera, wailesi nditaifunditsa chitenje, n'kujambula nyimbo yonse iye osadziwa.

Apa ndikuuzeni kuti ine ndine Mlomwe wa dzina lokha. Chilomwe kwathu chinathera pa agogo anga, ndipo pokhala mwana wa mkulu wa mpingo, kutsimba, kumene amalangira anamwali, sindinapondeko. Ndinalangizidwa kutchalitchi. Choncho m'nyimbomo sindinatolemo liwu ndi limodzi lomwe. Mayi Mukhuna Chilomwe ankachimva bwinobwino, koma kasetiyo ndinawabisira. Ndinkafuna kudzawadabwitsa pamodzi ndi makolo pa tsiku lotsekera sukulu, onse aone kuti mwana uja ndamutulutsa mawu ndine.

Tsikulo tchalitchi chinadzaza: amayi, abambo, akapitawo a muesiteti, akulu a mpingo atakhala kutsogolo. Poyamba zinayenda bwino, makolo akuseka pomva ana awo m'wailesi. Kenaka ndinalengeza monyada kuti tsopano timve Rozina, n'kukweza mawu mpaka kumapeto. Nyimbo isanafike pakati, amayi achikulire anayamba kuwerama, ena kudziphimba kumaso ndi zitenje. Abambo ena anadzuka n'kutuluka, achinyamata kumbuyo akukodolana. Mayi Mukhuna anathamangira wailesi ija, ndipo posadziwa pozimitsira, anaitembenuza n'kukolopola mabatire.

"Mwana iwe, watani? Imeneyo ndi ya kutsimba, amuna saimva!" anandinong'oneza.

Ndinamva pambuyo pake kuti mayi ake a Rozina anali namkungwi kwawoko, ndipo kuno ankalangiza atsikana mwakachetechete m'nyumba mwawo kumalaini, mwanayo akusewera pambali ngati sakumva. Mpingo unkaletsa chinamwali chotero, choncho akulu a mpingo anawaimitsa kudya mgonero. Amayi anzawo nawonso anawatembenukira, amvekere munthu wotani wolekerera mwambo mpaka kukafika m'makutu mwa amuna. Munthu wothawa nkhondo, amene anali atangoyamba kumene kupeza anzake, anatsala yekhayekha. Mtima unandiwawa koopsa, ndipo manyazi anandigwira moti kumalaini ndinkadutsako chozemba.

Nditalimba mtima ndinapita kukapepesa kwa mayi ake a Rozina, wailesi ili m'manja. Mayiwo sanandikalipire ayi. Anandiyalira mphasa, n'kungondifunsa kuti, "Aphunzitsi, mawu a mwana wangawa munawatenga, nanga munapempha kwa ndani?"

Nyimboyo ndinaifufuta iwo akuona, koma amene anaimva anali ataimva kale.

Rozina sanabwerenso kusukulu. Ndinadzakumana naye m'mphepete mwa munda wa tiyi atabereka mng'ono wake, mayi ake akuthyola tiyi chapatali. Nditamupatsa moni, anayamba wayang'ana m'manja mwanga, kenaka anagwira pakamwa pake ndi manja onse awiri.

Uphunzitsi ndinaupitiriza mpaka kukalamba, ndipo wailesi ija inandithandiza kuphunzitsa ana ambiri. Makinawo analibe mlandu, wolakwa anali mwini chala. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti nyimbo ija inkati chiyani, koma palibe mayi anavomerapo kundimasulira, ndipo ndinazindikira kuti si zonse zimene ndiyenera kudziwa.

Masiku ano ndimaona aphunzitsi achitsikana akujambula ana pafoni n'kutumiza kwa anthu osawadziwa n'komwe, ati chifukwa mwanayo wasangalatsa. Inu owerenga, gwiritsani ntchito zipangizozi, n'zabwino ndithu. Koma musanajambule mwana, pemphani kwa makolo ake, ndipo mwanayo adziwe. Musanaonetse gulu, mverani kaye pamodzi ndi munthu wamkulu wodziwa chilankhulo ndi miyambo ya kwawo kwa mwanayo, pakuti mwana amatola za m'nyumba osadziwa zobisa ndi zoulula. Ndipo dzifunseni ngati mukufuna kukweza mwanayo kapena dzina lanu. Ine ndinkati ndikuthandiza Rozina kulankhula, koma ndine ndinamutseka pakamwa.