Abambo Analakwitsa pa Folo

Phazi langa lakumanzere limapweteka tsiku lililonse, ndipo ndatopa ndi anthu ondifunsa ngati ndinayesapo mafuta akutiakuti kapena m'busa wakutiwakuti. Ndinayesa. Giyabokisi ya lole inaterereka pa jeke n'kundigwera paphazi, ku galaja ina ya ku Silverton komwe ndinkagwira ganyu. Mafupa analumikizana patapita miyezi, koma mitsempha sinamve kuti nkhani yatha. Mpaka lero phazilo limayaka ngati ndaponda khala. Nthawi zina limabaya ngati wina akulowetsa waya pakati pa zala. Sokosi yokha imandichititsa kutukwana.

Nthawi imeneyo ndinkakhala ndi Abambo m'chipinda chimodzi cha lendi ku Nellmapius, kuseri kwa nyumba ya eni ake. Abambo ankagwira ntchito ya m'maluwa m'nyumba za anthu olemera. Sitinkagwirizana. Ndinasiya sukulu ndili Fomu 3, iwo akutumiza fizi kuchokera kuno ku Joni, ndipo ndinawatsatira osaitanidwa. Tsiku lomwe ndinafika anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi n'kunena kuti, "Ndadula kapinga wa eni zaka zonsezi kuti iwe usadzadule. Ndiye wabwera kudzatani?" Sanabwerezenso mawu amenewo. Panalibe chifukwa chobwerezera, ndinali nditawasunga kale.

Nditavulala, ntchito ya ku galaja inathera pomwepo. Ndinapeza ina yokhala pansi, pa kashopu kena ku Gezina kokonza maketulo, masimbi ndi mafani. Mwini wake ndi mdala wina wobadwira konkuno, koma makolo ake anachokera ku Dedza, ndipo Chichewa chake n'chosakaniza ndi Chizulu. Ntchitoyo imafuna dzanja losanjenjemera. Ululu ukakwera masana, dzanja langa limanjenjemera. Ndikalephera pamenepo palibenso kwina kolemba ntchito munthu wopanda setifiketi, wotsimphina.

Ku chipatala kuli mayi wina wophunzitsa anthu ovulala kuyendanso. Tsiku lina anandiuza mosabisa kuti mapiritsi afika pamene angafike. Anandipatsa pepala n'kunena kuti ndiyese njira yotchedwa hipinosisi, yodzichitira ndekha. Ndinaseka. Ndinali nditaonapo pa kanema munthu akugwedeza wotchi, wina n'kuyamba kulira ngati nkhuku. Mayiyo sanaseke nawo. Anati palibe wogwedeza wotchi. Umakhala pansi, kutseka maso, kupuma pang'onopang'ono, n'kumawerenga chobwerera kuchokera pa teni mpaka pa wani. Pa nambala iliyonse umamasula mbali ina ya thupi. Ukafika pansi umaganizira kuti phazi lili m'madzi ozizira, ndipo ululu uli ngati wailesi yomwe ungathe kuitsitsa. "Sizimitsa wailesiyo," anatero. "Imangotsitsa." Anati poyamba zimathandiza kumvera mawuwo atajambulidwa pa foni.

M'Chizungu zinakanika. Chizungu changa n'chopemphera ntchito ndi kupepesera mabwana, ndipo thupi silingamasuke m'chilankhulo chimene umapepesera. Ndinamasulira pepala lonse m'Chichewa. Popeza linali la kuchipatala, ndinalemba mmene namwino amalankhulira ndi wodwala: khalani bwino, tsekani maso anu, pumani. Sindinaganizepo kawiri. Ndinajambula mawu anga, ndinamvera, ndinafufuta. Ndinkamveka ngati munthu wofuna kukubera.

Lamulungu lina masana Abambo atabwera kutchalitchi anapeza pepalalo patebulo. Ine ndinali pabedi, phazi litayaka kuyambira m'mawa.

"Ichi n'chiyani, iwe? Wayambanso kulemba? Sukulu ija yakutsata kuno?"

"N'zakuchipatala."

Anavala magalasi n'kuwerenga chamumtima, milomo ikuyenda. "Zogoneka munthu ali maso. Si zamizimu izi?"

"Mizimu yake iti yopereka pepala lachidindo?"

"Ndiye mankhwala ake n'kuwerenga chobwerera m'mbuyo," anatero. "Apa pokha ukhoza. Kubwerera m'mbuyo ndiye umakutha."

Ndinalibe mphamvu yokangana. Ndinangonena kuti zimafuna mawu a munthu wina, anga amandinyansa. Kenako anati, "Bweretsa foniyo. Ndidina pati?"

Abambo ndi amene ankawerenga Mawu kutchalitchi kwawo. Ankawerenga pang'onopang'ono, chala chili pamzere, ndipo sankasintha ngakhale chilembo chimodzi. Kwa iwo cholembedwa chinali cholembedwa. Ngakhale kalata ya eni nyumba ankaiwerenga ngati chaputala. Ndinawadinira foniyo n'kutembenukira kukhoma, nditagwira mwendo ndi manja awiri. Sindinamvere zomwe ankawerenga. Ululu ukafika pamenepo makutu sagwira ntchito.

Ndinamvera Lolemba, nthawi ya nkhomaliro, nditakhala pa kireti kuseri kwa shopu, timawaya tomvetsera foni tili m'makutu.

"Khalani bwino," anatero Abambo. "Tsekani maso anu. Pumani."

Ndinatsegula maso nthawi yomweyo. Ndinabweza n'kumveranso.

Kwathu mwana wamwamuna akakula n'kuoneka kuti ndi munthu, bambo ake amasiya kumuitana kuti iwe. Palibe mwambo, palibe chilengezo. Tsiku lina umangomva akuti, "Mwadzuka bwanji?" n'kudziwa kuti wawerengedwa. Achimwene anga analandira inu wawo chaka chomwe anakhoza Fomu 4. Alamu anga analandira tsiku loyamba. Ngakhale mwana wa eni nyumba, amene ntchito yake inali kutsuka galimoto yomwe siyenda, Abambo ankamuitana kuti inu. Ine ndinali iwe. Iwe, tseka chitseko. Iwe, wamaliza shuga. Tsopano anali m'makutu mwanga akundiuza kuti mapewa anu amasuke, manja anu alemere, mwachita bwino. Ndinkadziwa kuti ndinalemba ndekha mawuwo. Ndinkadziwa kuti akungowerenga. Thupi langa silinasamale zimenezo. Pofika pa seveni nsagwada zanga, zomwe sindinkadziwa kuti ndaziluma, zinamasuka. Pa faifi ndinkapuma ngati munthu.

Kenako anafika pa folo. Papepala ndinalemba kuti, "Folo. Pumani. Palibe chimene chikukuthamangitsani." M'foni munali chete pang'ono, kenako Abambo anati, "Folo. Puma, mwana wanga. Palibe chikukuthamangitsa." Pa fili anabwerera kwa inu ngati palibe chachitika.

Ndinapsa mtima. Madzulo ake ndinawapeza atakhala pakhomo akupolisha nsapato zakutchalitchi.

"Mwalakwitsa pa folo."

"Ine sindilakwitsa powerenga."

"Mwati puma. Palembedwa pumani."

"Eish. Ndiye phazi lakolo limamva galamala?"

"Mubwereze."

"Lamulungu likubwerali."

Ndikanasiyira pomwepo. Koma ine sindisiyira pomwepo, ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zinandichotsa kusukulu. Ndinati, "Mphindi khumi zokha zondipatsa ulemu, zochita kukulemberani papepala, zakukanikani."

Burashi inaima. Sanandiyang'ane. Anati, "Ndamva," n'kupitiriza kupolisha nsapato yomwe inali itawala kale.

Lamulungu linafika, sanatchule, inenso sindinatchule. Ndinapeza njira yanga. Tikafika pa faifi ndinkayamba kung'ung'udza chapansipansi kuti ndisamve folo, n'kukumana nawonso pa fili. Zinkayenda. Sindinganame kuti ndinachira. Moto unkasanduka phulusa lotentha, basi, koma phulusa lotentha umatha kugwira nalo ntchito. Tsiku lililonse masana ndinkapita pa kireti paja, ndipo ndikabwerako dzanja linkagwira sikuludiraiva bwinobwino mpaka kuweruka. Mayi wa kuchipatala uja anasangalala, ndipo dokotala anachepetsa mapiritsi ena omwe ankandizunguza mutu. Abambo ankandiona nditatseka maso Loweruka n'kumayenda monyang'ama m'chipindamo, koma ndikatsegula ankati, "Iwe, wabwerako kumadzi kwako? Tenga tsache." Ndinakhala miyezi isanu ndi umodzi ndi abambo awiri, a m'foni ndi a m'chipinda. Ndinkakonda a m'foni. Ndikulemba zimenezi chifukwa n'zoona.

Abambo anamwalira Lachinayi m'mawa, kuntchito. Anagwa pakati pa maluwa, paipi ili m'manja, madzi akutuluka. Akuti kunali kuthamanga kwa magazi. Sankamwa mankhwala ake mwandondomeko, ndipo ine amene ndinkagona nawo chipinda chimodzi sindinkadziwa n'komwe kuti ali ndi mankhwala. Anthu akutchalitchi anayendetsa zonse. Bokosi linapita kumudzi pa ngolo yokokedwa ndi minibasi. Ine sindinapite. Masiku awiri phazi lili lende m'galimoto sindikanafika, komanso mapepala anga okhalira kuno anali atatha. Achemwali ananditumizira zithunzi za manda. Ndinaziona kamodzi.

Kwa milungu itatu sindinakhudze mawu aja. Ululu unabwerera ndi abale ake. Tsiku lina ndinagwetsa simbi ya kasitomala, chogwirira chinasweka. Mdala wa shopu sanakalipe. Anangoti, "Mfana, ngati sizikutheka undiuze, ndione chochita." Ndinamva bwino lomwe tanthauzo lake. Masana omwewo ndinapita pa kireti n'kuika timawaya m'makutu.

Khalani bwino. Tsekani maso anu.

Ndinapirira mpaka pa faifi. Ndinayesa kung'ung'udza, koma mawu sanatuluke. Choncho kwa nthawi yoyamba chiyambire Lolemba lija ndinamva folo yense, ndi kachete kaja ka patsogolo pake. Sikanali chete. Munali phokoso la pepala likuikidwa patebulo. Kenako kaphokoso kena kakang'ono, ka magalasi akugunda thabwa. Ndinabweza kanayi. Pepala, magalasi, mpweya wautali, kenako, "Puma, mwana wanga."

Abambo sankaona chilembo popanda magalasi. Pa folo sankawerenga. Anaika pepala pansi, anavula magalasi, ndipo m'chipinda muja munalibe china choti ayang'ane koma msana wanga, nditapinda pabedi, nditagwira mwendo. Munthu amene sanasinthepo chilembo m'moyo wake anasiya cholembedwa n'kulankhula za iye mwini, kamodzi kokha, ndipo ine ndinapita kukamuuza kuti walakwitsa. Anandiuza kuti salakwitsa powerenga. Ankanena zoona.

Mawu ena onse aja, inu yense uja amene ndinkamumwa ngati mankhwala, anali anga. Ndinadzilembera ndekha ulemu n'kuwabwereka pakamwa. Awo enieni anali asanu okha, ndipo ndi omwe ndinkawaphimba ndi kung'ung'udza miyezi yonse ija.

Ndinafotokozera mayi wa kuchipatala uja, mwachidule, chifukwa sindikonda kulira pamaso pa anthu ovala yunifomu. Anati cholinga chake kuyambira pachiyambi chinali choti ndidzasiye foni n'kumachita ndekha m'mutu, poti mawu ndikuwadziwa kale. Ndinayesa. M'mutu mwanga mulibe mawu ena owerenga manambalawo koma a Abambo. Anati nditha kusintha njira, kusiya manambala n'kumaganizira masitepe otsika. Ndinayesanso. Masitepewo ndimawawerengabe, ndipo lachinayi kuchokera pansi lilipo.

Zimene zimachitika masiku ano ndi izi. Ndimakhala pa kireti. Teni, naini, eyiti, mapewa amatsika. Seveni, nsagwada. Sikisi, faifi, phazi limayamba kumva madzi aja chapatali, moto umayamba kuchepa. Kenako pepala, magalasi. Chifuwa chimamangika, mpweya umaduka, thupi lonse limakungika, ndipo phazi limayaka kuposa poyamba. Pa wani sindinafikeponso chimwalirire Abambo.

Mdala wa shopu anaona kuti ndikubwerako maso ali ofiira, dzanja likunjenjemerabe. Anandifunsa, ndinamuuza. Iye amadziwa za mafoni kuposa msinkhu wake. Anati n'zosavuta, atha kudula kachidutswa ka folo n'kulumikiza faifi ndi fili, osamveka n'komwe kuti panali kanthu. Choyambacho chitha kusungidwa padera.

"Mphindi ziwiri basi, mfana. Ubwerere kuntchito bwinobwino."

Anatambasula dzanja. Ndinaganiza za masana opanda kunjenjemera, ndi za lendi ya chipinda chomwe tsopano ndimagonamo ndekha. Ndinadziwa kuti akunena zanzeru. Koma ndinali nditawadula kale Abambo pamalo omwewo kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndi pakamwa panga, iwo ali moyo akuyenda monyang'ama kuti asandisokoneze.

"Ayi, madala. Isiyeni."

"Ndiye uchita bwanji?"

"Sindikudziwa."

Anandisuntha pa masimbi n'kundiika pa mafani, poti zomangira zake n'zazikulu, sizifuna dzanja lokhazikika kwambiri. Mafani amabwera nyengo yotentha yokha. Tonse awiri tikudziwa zimenezo, ndipo palibe watchula za mwezi wa Meyi, kukayamba kuzizira.

Mawa masana ndipitanso pa kireti. Ndimayambira pa teni ngati munthu amene akupita pa wani.